Makoteji a pa Round Island: anayambitsa ndani, nanga hotela ija inapita kuti?

Nachisale analemba:

Moni nonse. Ndikupempha amene akudziwa mbiri ya dera la Thousand Islands, kumpoto kwa New York, pamene mtsinje wa St. Lawrence ukutulukira m'nyanja ya Ontario, andithandize. Ndimagwira ntchito yosamalira agogo ena aakazi, ndipo chaka chino ana awo anandipempha kuti ndiwaperekeze ku koteji, nyumba yatchuthi ya banja lawo, pa Round Island, kachilumba kakufupi ndi tauni ya Clayton. Galimoto timaisiya kumtunda n'kukwera boti. Pachilumbapo palibe msewu wa galimoto, katundu timachita kukankha pa kangolo kuchokera padoko.

Zondizunguza mutu ndi izi. Nyumba zake ndi zamatabwa, zakalekale, zina zosanja, makonde aakulu oyang'ana kumadzi. Ukaziona patali umati muno mukukhala ampondamatiki. Koma ukalowa upeza mipando yakutha, mbale zosafanana, khoma la thabwa limodzi lomwe mphepo imangodutsa. Eni ake amene ndacheza nawo ndi aphunzitsi opuma ntchito, manesi, anthu wamba ndithu, ndipo nyumba imodzi imakhala ya azibale ambirimbiri omwe amasinthana masabata. Positi ofesi ilipo, kanyumba kakang'ono kotsekula nyengo yotentha yokha, koma dzina lake ndi Frontenac, osati Round Island. Ndiye agogowo akamandilozera njira amakonda kunena kuti "kuseri kwa hotela", pomwe ine hotela sindikuiona paliponse. Ndikawafunsa amayamba nkhani, pakati n'kuisiya, n'kuyamba ina ya mlongo wawo.

Kodi mudzi wotere unayamba bwanji? Anagawa malo ndani? Ndipo zinatheka bwanji kuti anthu wamba akhale ndi nyumba zoterezi pachilumba?

Mbewe wa ku Watertown analemba:

Achemwali, funso lanu lagwera pakhomo panga. Ndimakhala ku Watertown koma ntchito ndimagwira pamtsinje pomwepo, m'gulu la akalipentala amene timatsekula makoteji mu Meyi, kukonza madoko ophwanyidwa ndi ayezi, n'kudzatsekanso mu Okutobala. Pazilumba za Round Island, Grenell ndi Murray Isle, konseko ndakwawako kunsi kwa nyumba tochi ili kukamwa. Ndikuuzani zomwe ndinawerenga komanso zomwe matabwa amaulula okha.

Poyamba, za Boldt Castle muziike kaye pambali. Aliyense wokwera boti la alendo ku Alexandria Bay amauzidwa za George Boldt, mkulu wa hotela ya Waldorf-Astoria ku New York City, amene anayamba kumanga chinyumba chamiyala pa Heart Island mu 1900 n'kuimitsa ntchito mu 1904 mkazi wake Louise atamwalira. Nkhaniyo ndi yoona, koma imasokeretsa, chifukwa munthu amabwerako akuganiza kuti zilumba zonse zinali choncho, bwana mmodzi chilumba chimodzi. Chilumba ngati chanucho chinayenda njira ina. Chinadulidwa mapuloti n'kugulitsidwa kwa anthu opezako bwino koma osati olemera zoopsa: azibusa, madokotala, eni masitolo a m'matauni ngati Syracuse ndi Utica.

Cha m'ma 1840 zilumba za mbali ya America anthu sankaziona ngati malo omangapo nyumba zatchuthi. Mu 1845 wamalonda wa ku Alexandria Bay, Azariah Walton, ndi mnzake anagula zilumba zambirimbiri nthawi imodzi, ndipo chomwe ankafuna ndi mitengo basi, ya matabwa ndi nkhuni zosonkhezera sitima zoyendera nthunzi. Mitengo itatha anatsala ndi miyala. Ndiye anayamba kugulitsa zilumbazo motchipa kwa anthu a m'tauni okonda kuwedza, bola wogulayo alonjeze kumangapo nyumba pasanathe zaka zingapo. Anali ochenjera anthu aja: nyumba imodzi ikangooneka, chilumba choyandikana nacho chakwera kale mtengo.

Zinthu zinatembenuka zaka ziwiri zotsatizana. Mu 1872 George Pullman, uja wa mabogi ogonamo a sitima, anaitana pulezidenti Ulysses Grant kudzacheza pachilumba chake pafupi ndi Alexandria Bay. Chinali chaka cha chisankho, atolankhani anamulondola, ndipo dziko lonse linawerenga za zilumbazi m'nyuzipepala. Mu 1873 njanji inafika ku Clayton. Sipanapite zaka zambiri, munthu ankatha kukwera sitima ku New York City madzulo, kugona momwemo, m'mawa n'kutsikira m'mphepete mwa madzi pomwe sitima yapamadzi ikumudikira kale.

Amipingo sanagone. Nthawi imeneyo ku America misonkhano yachitsitsimutso ya m'mahema inali itatchuka: a Methodist anali atatsekula kale Ocean Grove ku New Jersey mu 1869 ndi Chautauqua kumadzulo kwa New York mu 1874. Mu 1875 mbusa John Dayan anayambitsa Thousand Island Park kunsonga kwa chilumba chachikulu cha Wellesley. Banja linkatenga kapuloti, kukhoma thandala la matabwa, n'kudzika hema pamwamba pake. Chaka china aika makoma, china denga, china khonde la zokongoletsa zocheka ndi sowo, mpaka hema lasanduka nyumba, koma puloti likadali lomwe lija la hema. N'chifukwa chake kumeneko aneba atha kupatsirana mchere pawindo. Malamulo anali okhwima: mowa ayi, ndipo Lamulungu sitima sinkaloledwa kukocheza. A Presbyterian anatsekula Westminster Park mbali ina ya chilumba chomwecho. A Baptist nawo anati ife sititsalira, ndipo mu 1879 anakhazikitsa Round Island Park, pamene muli inupo.

Koma za mpingo pa Round Island sizinakhalitse. Hotela imene anamanga kuti alendo azifikiramo ndi yomwe inakula mphamvu kuposa guwa. Inayamba ndi dzina la chilumbacho, kenako anaitcha Frontenac, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 Charles Emery, mmodzi wa akuluakulu a American Tobacco Company, anathiramo ndalama zankhaninkhani n'kuikuza kukhala imodzi mwa mahotela aakulu pamtsinje wonse, zipinda mazanamazana, oimba akeake. Emery yemweyo anali ndi chinyumba chake chamiyala pa Calumet Island, moyang'anizana ndi Clayton. Positi ofesi yanuyo inatenga dzina kuhotelako. Pa 23 Ogasiti 1911 moto unabuka, hotela yonse inapsa psiti. Anthu amasimba kuti unayamba ndi ndudu ya mmodzi wa oimba. Ndalama za fodya zinamanga, ndudu n'kugwetsa. Sanaimangenso. Agogo anuwo anabadwa hotelayo ili kale phulusa, ndipo "kuseri kwa hotela" ndi mawu amene anangotengera kwa makolo awo.

Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa hotela sinali malo ogona alendo okha. Sitima yapamadzi inkakocheza pachilumba chifukwa cha hotela. Makalata, mkaka, nyama, madzi oundana osungira zakudya, zonse zinkabwera chifukwa panali hotela yoti igule zambiri. A m'makoteji ankadalira zomwezo, ena mpaka kudya ankakadya konko. Mukayang'ane khitchini ya nyumba imene mukukhalayo. M'nyumba zambiri zomwe ndagwiramo ntchito, khitchini ndi chipinda chophatikiza kumbuyo, denga lake lotsika, ndipo ukachotsa kabati umapeza matabwa a khoma lakunja, utoto wake ukadalipo, nthawi zina ndi windo lotsekedwa lomwe kale linkayang'ana pabwalo. Anthu anayamba kudziphikira mwakathithi pamene wowaphikira anasowa.

Ndipo moto sunathere pa inu pokha. Thousand Island Park Hotel inapsa mu 1890, anamanga Columbian m'malo mwake, nayonso inapsa mu Julayi 1912 pamodzi ndi makoteji pafupifupi 100. Mahotela awiri aakulu kutha m'miyezi yosakwana 12. Kenako mavuto anangotsatizana: msonkho wa pa zomwe munthu amapeza unayamba mu 1913, nkhondo yoyamba yapadziko lonse mu 1914, ndipo choopsa koposa chinali galimoto. Banja lokhala ndi galimoto silinkafunanso kutsekeredwa malo amodzi miyezi iwiri. Linkafuna sabata kuno, sabata uko. Apaulendo atachepa, sitima zapamadzi zinayamba kusiya imodziimodzi. Chuma chitagwa mu 1929, ambiri anangokhoma zitseko osabwereranso.

Maganizo anga ndi akuti zaka zovutazo ndi zomwe zinasunga nyumbazi. Panalibe wa ndalama zogumulira kuti amange zamakono, ndipo panalibe kampani yoona phindu pachilumba chopanda hotela. Nyumba zinatsika mtengo kwambiri, ndiye mphunzitsi, amene ali ndi tchuthi cha miyezi iwiri koma malipiro ochepa, anatha kugula nyumba yomwe anamanga mwini fakitale. Ena anangolandira kwa makolo n'kuigwiritsitsa. Mipando yakutha imene mukuionayo ndi yomwe inabwera pa sitima zaka 100 zapitazo. Palibe amene angalipire boti kuti akataye sofa kumtunda.

Mlatho nawo unasankha. Thousand Islands Bridge, umene pulezidenti Franklin Roosevelt ndi nduna yaikulu ya Canada Mackenzie King anatsekulira mu Ogasiti 1938, unadutsa pa Wellesley. Thousand Island Park inalandira magalimoto. Round Island, Grenell ndi Murray Isle zinatsala pamadzi, ndipo zinadzatsitsimuka nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, pamene kainjini komangirira kumbuyo kwa boti kanafika poti banja wamba n'kugula. Kuyambira pamenepo aliyense ndi woyendetsa sitima yakeyake. Ntchito zomwe inkagwira hotela anazitenga eni makoteji kudzera m'mabungwe awo: kusonkha ndalama za doko la onse, kutchetcha tinjira, kusamala kanyumba ka positi.

Mayi Nankhoma, Kingston, analemba:

Bambo Mbewe, mwalongosola bwino, koma mbiri yanu mwaiyambira pa Walton ngati kuti iye asanagule kunalibe anthu. Ine ndili tsidya lino la Canada, ndipo kuno mbali imeneyi ndi yovuta kuilumpha, chifukwa mapepala a malo amanena okha. Eni dziko oyambirira, anthu a mitundu ya Haudenosaunee ndi Mississauga, ankawedza ndi kusaka m'zilumbazi kalekale. Zilumba za mbali yathu a Mississauga a ku Alnwick anazipereka m'manja mwa boma mu 1856, kuti boma lizizisunga ndi kuzigulitsa m'malo mwawo. Choncho amene ankagula chilumba kuno ankagula ku dipatimenti ya boma yoona za anthu amenewa, osati kwa wamalonda. Ndi chifukwa chimodzi chomwe mbali yathu inachedwerapo kudzaza nyumba, ndipo mu 1904 boma linapatula zilumba zina kukhala paki ya dziko lonse, imene kuyambira 2013 ikutchedwa Thousand Islands National Park.

Malire enieniwo a pakati pa Canada ndi America anagwirizana mu 1822, potsatira pangano la ku Ghent lomwe linathetsa nkhondo ya 1812 ya pakati pa America ndi Britain. Oyeza malire anasamala kuti asadule chilumba pakati, ndiye mzerewo umangokhotakhota m'madzi. Wolfe Island inabwera kwathu, Grindstone ndi Wellesley zinapita ku America. Zilumba zonse amati zilipo 1,864, ndipo kuti mwala uwerengedwe chilumba uyenera kukhala pamwamba pa madzi chaka chonse komanso kukhala ndi mtengo wamoyo.

Achemwali a Nachisale, dzina la positi ofesi yanuyo gwero lake ndi kuno. Frontenac anali bwanamkubwa wa dziko la Afalansa ku Canada, amene anakwera mtsinjewu mu 1673 n'kumanga linga pamalo pomwe pali Kingston lero. Eni hotela anangofuna dzina lomveka lolemera.

Za mipingo ndikuvomereza, ndipo kuno chilipo china chomwe chikuchitikabe. Pafupi ndi Gananoque, pa Bostwick Island, pali kagombe kozungulira kotchedwa Half Moon Bay komwe anthu akhala akupemphera Lamulungu madzulo kuyambira 1887. Tchalitchi palibe. Mlaliki amaima pamwala, anthu amakhala m'maboti awo, mabuku a nyimbo n'kumapatsirana boti ndi boti. Ndinapitako ndi anzanga a kuntchito. Wopalasa kayak ndi wa boti la injini yaikulu anagwirana m'mbali kuti asatengeke ndi madzi, nyimbo ili mkati.

China chomwe anthu a tsidya lanulo amaiwala: Aamerika ambiri ali ndi makoteji pazilumba za Canada. Malire atatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa COVID-19, anakhala mpaka Ogasiti 2021 osaloledwa kufika kunyumba zawo, ena akuziona ndi maso ali m'boti. Mabanja amene anali asanaphonyepo chaka kwa mibadwo anaphonya, ndipo madenga odontha anadikira eni ake choncho.

Chikondi_Buffalo analemba:

Pepani akuluakulu, koma ine nkhani zoterezi sizindigwira mtima. Mukuti anthu wamba. Munthu wokhala ndi nyumba yachiwiri pachilumba, ndi boti, ndi malo oimika boti kumtunda, ameneyo ndi wamba? Ndipo tisamanamizane, mahotela ambiri a tchuthi ku America m'zaka zimenezo ankasankha anthu, Ayuda ndi anthu akuda ankabwezedwa pakhomo m'malo ambiri. Mudzi umene nyumba zake zimangoyenda m'magazi, kuchoka kwa agogo kupita kwa zidzukulu, umakhala wotsekeka ngakhale popanda chikwangwani. Achemwali athuwa alowapo chifukwa cha ntchito, amalume a Mbewe chimodzimodzi. Ndiye mbiri yomwe ine ndingafune kumva ndi ya amene ankachapa, kuphika ndi kupalasa, osati ya amene ankakhala pakhonde.

Mbewe wa ku Watertown analemba:

Mayi Nankhoma, zikomo powonjezera. Za 1856 zija n'zofunika, ndipo mbali ya America nayo malowo anachoka m'manja mwa eni ake kupita kuboma la New York asanafike kwa amalonda aja.

Mphwanga Chikondi, sindikutsutsa zonse. Zoti ndi malo otsekeka ndi zoona, ndipo akutsekekerabe, chifukwa nyumba ikagulitsidwa lero wogula si mphunzitsi ayi. Koma "wamba" amene ndikunena ndi uyu: azibale asanu ndi atatu ogawana msonkho wa nyumba imodzi, kukangana pa imelo chaka chonse za amene alipire denga, wina akufuna kugulitsa gawo lake koma anzake alibe ndalama zomugulira. Msonkho wa malo ku New York umawerengedwa potengera mtengo wa nyumbayo pamsika, ndiye malo a m'mphepete mwa madzi akamakwera mtengo, banja lomwe silinagule kanthu, silinawonjezere kanthu, limangoona bilu ikukula. Nyumba zambiri zomwe ndaona zikuchoka m'banja zachoka pa m'badwo wachitatu kapena wachinayi, pamene eni ake achuluka moti sakudziwananso bwino.

Za antchito mwafunsa bwino, ndipo mbiri yake ilipo. Mtsinjewu uli ndi anthu ake okhala chaka chonse, ku Clayton, ku Fishers Landing, ku Alexandria Bay ndi pa Grindstone Island. Pa Grindstone pankakhala alimi a ng'ombe zamkaka, panali fakitale ya tchizi ndi migodi ya miyala, ndipo sukulu yake ya chipinda chimodzi inatsekedwa mu 1989, yomaliza ya mtundu umenewo m'chigawo cha New York. Mabanja amenewa ndi omwe ankadyetsa ndi kutumikira a m'makoteji. Atsikana ankagwira ntchito m'mahotela, amayi ankachapa. Amuna ambiri anali operekeza alendo kokawedza. Boti lawo linali lija amati St. Lawrence skiff, lamatabwa, losongoka mbali zonse ziwiri, lopepuka moti munthu mmodzi ankalipalasa tsiku lonse mlendo atakhala pampando kumbuyo ndi mbedza yake. Masana akocheza pachilumba, wopalasa yemweyo asonkhe moto, akazinge nsomba, aphike mbatata ndi khofi, bwana adye, kenako apalasenso kubwerera. Mukapita ku Antique Boat Museum ku Clayton mukawaona mabotiwa. Muyang'ane pamene nkhafi zinkakhudza, mmene thabwa linadyekera.

Nyengo yozizira ntchito sinkatha. Mtsinje ukaundana amuna ankacheka ayezi ndi masowo aatali, kukoka zibenthuzo ndi mahatchi, n'kuziunjika m'nyumba zosungira atazikwirira ndi utuchi kuti zifike mu Julayi. Tinyumba tina tomwe lero anthu amasungiramo makina otchetchera udzu tinali ta ayezi. Mudzatidziwa ndi makoma ake ochindikala, awiri, pakati pali utuchi wakuda. Miyala ndi matabwa olemera ankawolotsanso nthawi yomweyo, pamwamba pa ayezi, chifukwa kunali kosavuta kuposa pa boti. Ndipo pakati pa 1920 ndi 1933, mowa uli woletsedwa ku America koma tsidya linalo ukupezeka, anthu odziwa njira zonse za pakati pa zilumba usiku sankasowa chochita. Zimenezo mabanja a kuno amazinena akuseka.

Ifeyo lero tikugwira ntchito yomweyo ya akale, zida zokha ndi zomwe zasintha. Kutseka koteji si kungokhoma loko. Timazimitsa pampu, kutulutsa paipi yomwe imakoka madzi mumtsinje, kutsekula mipopi yonse, kupopera mpweya m'mapaipi mpaka atasiya kulavula, n'kuthira mankhwala apinki oletsa kuundana m'zimbudzi ndi m'masinki. Mukasiya madzi pang'ono pokhota paipi, mu Meyi mupeza yang'ambika. Matiresi timawaimika, chakudya chilichonse chichoke, apo ayi mbewa ndi agologolo achita chikondwerero miyezi isanu ndi umodzi. Madoko akale ndi mabokosi a mitengo odzaza miyala; ayezi akamasweka mu Malichi ndi Epulo amawakankha ngati si kanthu.

Mtsinjewo nawo si womwe uja ankaudziwa a Baptist. St. Lawrence Seaway, njira ya zisitima zikuluzikulu mumtsinjewu, inatsekulidwa mu 1959, ndipo zisitima zotalika mamita 225 zimadutsa pafupi ndi makonde a anthu. Mu Juni 1976 chombo chonyamula mafuta, NEPCO 140, chinagunda miyala pafupi ndi Wellesley n'kutaya magaloni pafupifupi 300,000. Akuluakulu a kuno amawerengera zaka kuchokera pamenepo. Bungwe la Save the River linayamba mu 1978 pokana zoti zisitima ziziyenda ndi m'nyengo yozizira yomwe, kuphwanya ayezi. Kenako kunabwera tinkhono tija ta mizeremizere, zebra mussel, tomwe tinafika ndi zisitima chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Madzi anayera mbee, alendo amasangalala, koma ife timatichotsa m'mapaipi a pampu chaka ndi chaka, ndipo ana osavala nsapato m'madzi amachekeka mapazi.

Kuchuluka kwa madzi kumayendetsedwa pa damu la Moses-Saunders, pakati pa Massena ndi Cornwall, motsatira malamulo a International Joint Commission, bungwe la mayiko awiriwa. Ndondomeko yatsopano yotchedwa Plan 2014 inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2017, ndipo chaka chomwecho madzi anasefukira kuposa kale lonse, mu 2019 n'kuposanso. Madoko anamira, tinkayenda pamatabwa osanjikiza titatsindira ndi migolo yodzaza madzi kuti doko lisayandame. Nkhani imeneyi musaiyambitse patebulo ngati simukufuna mkangano. Ena amaloza chala ndondomekoyo, ena amati inali mvula yoopsa yomwe damu lililonse silikanaikwanitsa, popeza kutsekula kwambiri damulo kukanachititsa kuti mzinda wa Montreal, kumunsi kwa mtsinje, umire. Ine ndili mbali ya mvula, koma makasitomala anga ambiri sagwirizana nane.

Nachisale analemba:

Zikomo kwambiri bambo Mbewe ndi mayi Nankhoma. Khitchini ndaiyang'ana, ndi momwemo ndithu: kuseri kwa firiji kuli khoma la matabwa opingasa, lobiriwira ngati kunja kwa nyumba. Achimwene a Chikondi, mfundo yanu ndaimva, ndipo ndiwafunsa agogowa za amene ankawachapira ali mwana, chifukwa dzina la mayi wina wa ku Grindstone amalitchula kawirikawiri.

Tsiku langa lopuma ndikufuna kukaona Thousand Island Park. Kuli chiyani choti ndisaphonye? Komanso nkhani za moto zija zandiopsa pang'ono. Nyumba zonse ndi zamatabwa, msewu palibe, ndipo ine ndili ndi munthu woyenda ndi ndodo.

Mbewe wa ku Watertown analemba:

Ku Park mukaone Tabernacle, chisakasa chachikulu chamatabwa chopanda makoma chomwe anamanga m'zaka za m'ma 1880 m'malo mwa hema la misonkhano, kenako muyende m'timisewu toyandikana nacho momwe muli tinyumba ta mapuloti a mahema tija. Mudzi wonsewo unalowa m'kaundula wa malo a mbiri wa dziko la America mu 1982, ndipo mpaka lero nthaka ndi ya kampani ya Park, eni nyumba amachita lendi. Kumtunda kwa kaphiri kuli koteji imene Swami Vivekananda, mphunzitsi wachihindu wa ku India, anakhalamo masabata asanu ndi awiri mu 1895 akuphunzitsa, pakati pa a Methodist. Otsatira ake amaisamalirabe.

Za moto mwachita bwino kufunsa. Ozimitsa moto a ku Clayton ali ndi boti lawo, ndipo ndi njira yomweyo imene wodwala amachokera pachilumba, koma boti limatenga nthawi, makamaka usiku kapena kukakhala nkhungu. Muwafunse ana a agogowo lero lomwe zinthu izi: mukaimba 911, nambala ya zadzidzidzi, nyumbayo muitchule bwanji kuti aipeze, boti lingakocheze padoko liti lomwe agogo angafikepo, ndi neba uti amene amagona pachilumba mkati mwa sabata ndipo boti lake lili ndi mafuta. Muonenso ngati foni yanu sikudumphira pa netiweki ya Canada, chifukwa pamtsinjepo zimachitika, ndipo mukaimba mwadzidzidzi muyambe ndi kunena kuti muli mbali ya New York.